Tidzawakumbukira Bwanji Amai Amene Anatiphunzitsa?

Mwezi uno tifuna kulingalira nanu za funso limene lidza pa maliro onse a mai wokalamba amene anali mphunzitsi. Mai wotere akamwalira, pabwalo pacepa. Afika ana amene anawabala, ndi adzukulu amene anawabereka pamsana. Afikanso anthu ena ambiri amene sali a mbumba yace konse, koma anaphunzira kwa iye kugwira pensulo, kapena kusoka, kapena mwambo wa banja, ndipo ena a iwo ali nazo imvi kale. Onsewo polira ati, Amai athu, ndipo palibe wowatsutsa. Koma manda atakwiriridwa, ndi alendo atabwerera kwao, funso litsala m'mitima: tiri nao mangawa kwa mai uja, nanga tidzawabweza bwanji, popeza mwini wace wapita?

Anthu ayankha mosiyanasiyana. Ena ati, Timange ciliza ca njerwa ndi simenti, tilembepo dzina lao, ndi caka cimene anabadwa, ndi cimene anamwalira. Ena ati, Mwana wamkazi woyamba kubadwa m'mbumba muno timuche dzina lao, kuti dzinalo lisafe. Enanso ati, Caka cikatha tisonkhane, tiphe mbuzi, tiphike nsima, ndi kusimba zokoma zao. Sititsutsa cimodzi ca izi, pakuti zonse zituruka mu mtima wacikondi. Cimene tifunsa ndico ngati zikwanira. Ndipo kuti tisangonena za m'mutu mwathu, tiyambe ndi kusimba mbiri ya mai wina wa kutsidya la nyanja, wa khungu longa lathu, amene anali mphunzitsi, ndi mai, ndi agogo, ndipo anthu a kwao amkumbukira kufikira lero. M'mbiri yace tiyesa kuti muli yankho.

MWANA WA AKAPOLO

Mary McLeod anabadwa pa 10 July 1875, pafupi ndi mudzi wa Mayesville m'dziko la South Carolina ku America. Atate ace Samuel ndi amai ace Patsy anali akapolo kale, pakuti ukapolo unatha kumeneko m'caka ca 1865, ndipo ambiri a akuru ace anabadwira mu ukapolo momwemo. Iye anali mwana wa 15 mwa ana 17. Kwao anali alimi a thonje, ndipo Mary anayamba kuthyola thonje akali wamng'ono. Atakula anasimba yekha kuti tsiku lina anatsagana ndi amai ace kukapereka zobvala zocapa ku nyumba ya Azungu, ndipo anatola buku limene linali pakati pa zoseweretsa za ana a m'nyumbamo. Koma mwana wa Mzungu anamuuza kuti alisiye, popeza sadziwa kuwerenga. Mau amenewo anamlasa, ndipo sanacoke mu mtima mwace.

Patapita nthawi Mpingo wa Presbyterian unatsegula kasukulu ka ana akuda ku Mayesville, ndipo mphunzitsi wace anali mkazi wakuda, dzina lace Emma Wilson. Banja silinakhoze kutumiza ana onse, popeza manja anafunika kumunda. Linatumiza Mary yekha. Iye anayenda pansi mailosi 5 kunka ku sukulu, ndipo madzulo pofika kwao anasonkhanitsa abale ace, nawaphunzitsa zimene anamva tsiku lomwelo. Taonani, anayamba kugawira ena iye mwini asanakhute.

Atatsiriza zonse za pa kasukulu kaja njira inatsekeka, pakuti ndalama panalibe. Koma ku Denver, mzinda wa kutali kumadzulo, kunali mkazi wina Mzungu wa Mpingo wa Quaker, dzina lace Mary Crissman, amene anapeza zosowa zace ndi singano, posoka zobvala za anthu. Iye anapatula gawo la ndalama zace kuti lilipirire mtsikana mmodzi wakuda, amene sanamuone ndi maso. Ndipo Emma Wilson anasankha Mary. Cotero m'caka ca 1888 analowa sukulu ya atsikana ya Scotia ku Concord m'dziko la North Carolina, ndipo pambuyo pace anaphunzira ku sukulu ya Baibulo ya Moody ku Chicago. Cimene mtima wace unakhumba koposa ndico kudza kuno ku Africa kudzaphunzitsa; koma atapempha kwa akuru a mishoni, anamkana, namuuza kuti malo a munthu wakuda panalibe. Wina akadakhala pansi ndi kulira tsoka lace. Iye anatembenuka nayang'ana ana akuda a m'dziko lace lomwe, amene anasowa sukulu monga anasowa ana a kuno.

SUKULU YA PA DZALA

M'caka ca 1898 anakwatiwa ndi Albertus Bethune, ndipo caka cotsatira anaona mwana wamwamuna. Kuyambira pano tiwachula Amai Bethune. M'caka ca 1904 anafika ku Daytona m'dziko la Florida, kumene kunasonkhana anthu akuda ambiri ogwira nchito ya njanje, ndipo ana ao analibe pophunzirira pabwino. M'thumba mwao munali $1.50, ndiko kunena dola imodzi ndi theka. Anabwereka kanyumba kolipira pa mwezi, ndipo m'mwezi wa October caka comweco anatsegula sukulu ndi atsikana 5, pamodzi ndi mwana wao. Mipando ndi magome zinali mabokosi otayidwa ndi eni sitolo. Pensulo zinali makala. Inki inali madzi ofinya ku zipatso zakuda za kuthengo. Pofuna ndalama anaphika mikate ya mbatata, nakagulitsa kwa anchito. Atsikana anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndiponso kusoka, kuphika, ndi kusunga nyumba. Ndipo zisanathe zaka ziwiri ophunzira anafika 250.

Kanyumba katacepa, malo amene anakhoza kugula anali dzala la mzinda, potayira zinyalala. Anagula dzalalo, nalisesa pamodzi ndi atsikana ao, namangapo nyumba yoyamba m'caka ca 1907. Popeza odwala akuda sanalandiridwe bwino ku cipatala ca Azungu, m'caka ca 1911 anatsegula kacipatala kao pafupi ndi sukulu. M'caka ca 1923 sukulu yao inayamba kuphatikizana ndi ina yochedwa Cookman, ya ku Jacksonville. Ndipo lero pa malo paja paimirira Bethune-Cookman University, pamene paphunzira anyamata ndi atsikana zikwi. M'caka ca 1935 anayambitsa bungwe lalikuru la akazi akuda a m'dziko lonse la America, ndipo kuyambira 1936 anakhala mmodzi wa aphungu a Franklin Roosevelt, mtsogoleri wa dzikolo, pa nkhani za acinyamata akuda. Atakalamba anapondanso dziko la Africa, potumidwa ndi boma lao ku Liberia. Pakati pa zonsezi analera mdzukulu wao m'nyumba mwao monga mwana wobala okha. Anamwalira pa 18 May 1955 ali ndi zaka 79, ndipo anaikidwa pabwalo la sukulu yao, pakati pa ana amene anawachula amai.

MOTO WOPALA

Tsono tibwere ku funso lathu. Mary McLeod anali nao mangawa kwa akazi awiri, mphunzitsi wa ku Mayesville ndi wosoka wa ku Denver. Tiyese kuti atakula akadawerenga ndalama zonse zimene wosoka uja anaturutsa, nazitumiza ku Denver, naonjezapo ndi zina. Kodi mangawa akadatha? Iai. Mary Crissman sanabaye zala zace ndi singano kuti ndalama zace zidzabwere. Anafuna kuti mtsikana wakuda adziwe kuwerenga, ndi kuti kudziwako kusathere pa iye yekha. Ndalama zikadabwerera ku Denver, cifuniro cace cikadafa. Mangawawo anabwezedwa ku Daytona, kwa atsikana 5 okhala pa mabokosi, amene sanaone Denver ndi kale lomwe.

Ife a kumudzi tidziwa bwino mangawa a mtundu uwu. Mai akadzuka mamawa napeza kuti moto wazima pa mafua, atenga phale, nanka kwa mnansi wace kukapala moto. Kodi munamvapo kuti madzulo anabwerera ndi khala kukabweza? Angamseke mudzi wonse. Moto wopala subwezedwa, ndipo mwini wace sanataye kanthu, pakuti wace uyakabe. Koma wopalayo agwidwa ndi lamulo limodzi losalembedwa, lakuti wina akadza kwa iye ndi phale asammane. Momwemo ndi zonse zimene tinalandira kwa amai amene anatiphunzitsa. Pali mangawa a mbuzi ndi a cimanga, amene abwerera kumene anacokera. Ndipo pali mangawa a kulera ndi a kuphunzitsa, amene ayenda njira imodzi yokha, kucokera kwa akuru kutsikira kwa ana, monga madzi a mtsinje sabwerera kuphiri. Munthu amene afuna kubweza mangawa otere pa manda alikugogoda pa khomo la nyumba imene mwini wace anasamuka. Woyenera kulandira ali moyo, ndiye kamwana kaja kakhala pa mkeka kosadziwa kulemba dzina lace.

Citsanzo ca ici ciri m'dziko lathu lomwe. Cimene Amai Bethune anakanizidwa, mkazi wina wakuda wa ku Florida komweko anacicita, potumidwa ndi Mpingo wa Baptist wa anthu akuda. Dzina lace ndi Emma DeLany, amene anafika ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'caka ca 1902, kudzathandiza pa mishoni ya John Chilembwe. Mwa ana amene anawaphunzitsa munali mnyamata, dzina lace Daniel Malekebu, amene anakonda mphunzitsi wace kotero kuti atabwerera kwao, iye anamtsata kufikira ku America. Ndipo kumeneko anaphunzira, natsiriza za udokotala ku Meharry m'caka ca 1917. Pamenepo nkuti mishoni ya ku Mbombwe itapasulidwa cifukwa ca nkhondo ya 1915. Emma DeLany anamwalira m'caka ca 1922. Ndipo m'caka ca 1926 Dr. Malekebu anabwera natsegulanso mishoniyo, ndi masukulu ace. Mphunzitsi wace sanaone tsikulo ndi maso. Koma ndani anganene kuti panali ciliza cina coposa cimeneco?

AMAI ATHU SANAMANGE KOLEJI

Wina adzati, Mwatisimbira za munthu wochuka, amene anaceza ndi akuru a dziko. Koma amai athu anaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango, ndi m'kasukulu ka udzu, ndipo dzina lao silinaoloke mtsinje wa kwathu. Kodi tingawalinganize bwanji?

Tiyankha kuti, Yang'anani bwino mbiri ija. Anthu zikwi zambiri adziwa dzina la Amai Bethune, koma ndi owerengeka amene adziwa la Emma Wilson kapena la Mary Crissman; komatu popanda awiriwo Mary akadakalambira m'munda wa thonje, ndipo pa dzala la ku Daytona pakadakhalabe dzala. Tikaona mtengo wa mbawa titama thunthu ndi nthambi, koma cimene ciugwira pa mphepo ya mkuntho ciri pansi pa dothi. Awerengi a Malembo akumbukira Loisi, agogo ace a Timoteo: dzina lace lichulidwa kamodzi kokha m'buku lonse, ndipo sitimva kuti analalikira m'mzinda uli wonse, timdziwa cifukwa ca mdzukulu wace basi. Ambiri a aphunzitsi a dziko lapansi ali otere. Mai amene anaphunzitsa kalasi loyamba zaka makumi atatu sadziwa yekha kumene kunafika moto wace. Pakuti kalata iri yonse imene wophunzira wace analemba, ndi mlandu uli wonse umene unatha bwino cifukwa wina anadziwa kuwerenga pepala asanadindepo cala, ndi mwana ali yense amene anamwa mankhwala pa muyeso wace cifukwa amace anawerenga zolembedwa pa botolo, zonsezi ziri ndi gawo lace. Akuru anati, M'mera mpoyamba. Wogwira mwana dzanja polemba cilembo coyamba aposa m'kufunika ambiri amene adzamphunzitsa zakuya pambuyo pace.

Cifukwa cace tisayese ukulu wa amai athu ndi kutalika kwa mbiri yao. Ndipo ici citiikira ife katundu wolemera koposa; pakuti Amai Bethune adzakumbukiridwa ngakhale ife titaiwala, koma amai a pa mudzi pathu alibe wina wowakumbukira koma ife tokha.

NANGA CILIZA?

Kodi tsono tinena kuti ciliza ndi cacabe? Iai. Mtima wa munthu ufuna poyang'ana, ndipo ana obadwa m'tsogolo afuna malo oti afunsepo kuti, Anagona apa ndani? Anthu a ku America anawamangira Amai Bethune cifaniziro ca mkuwa m'mzinda wa Washington, nacibvundukula pa 10 July 1974, tsiku limene akadakwanitsa zaka 99. Ndipo m'caka ca 2022 anaika cina ca mwala woyera m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Koma tamverani maonekedwe a coyamba cija. Mmisiri sanawaimike okha. Anawaumba ali okalamba, atatsamira ndodo, ndipo dzanja lina likupereka pepala kwa ana awiri, mnyamata ndi mtsikana. Pepalalo likumbutsa mau a cuma camasiye amene analemba atatsala pang'ono kumwalira, m'mene sanagawe minda kapena nyumba, koma anasiyira anthu a mtundu wao cikondi, ndi ciyembekezo, ndi ludzu la maphunziro, ndi udindo wa kusamalira acinyamata. Cotero ngakhale mkuwa womwewo ulozera kwina, kuti woyang'ana asaime pa nkhalamba yokha, koma aone kumene dzanja lace lirinkunka.

Ciliza cabwino ciri cotero: cikhala cizindikiro ca pa mphambano, cimene cionetsa njira, ndipo palibe wa nzeru amene amanga msasa pansi pace nayesa kuti wafika. Cimene citimvetsa cisoni ndi ici, kuti nthawi zina tiona mbumba igulitsa ng'ombe, ndi kutenga ngongole, kuti ciliza ca agogo cipose ca a mudzi wina. Ndipo caka comweco mdzukulu wa agogo omwewo aleka sukulu cifukwa ca kusowa makope ndi sopo, natengedwa ku ukwati akali mwana. Agogowo akadaloledwa kuyankhula kamodzi kokha, kodi akadasankha citi? Tonse tidziwa yankho lace. Pamenepo simenti ija yaleka kulemekeza womwalirayo, ndipo yayamba kulemekeza ife otsala.

Za kucha mwana dzina tinena comweco. Ndi mwambo wokoma wa makolo athu, ndipo usaleke. Koma dzina lokha liri ngati nsengwa. Cofunika ndi cimene muikamo. Mukamucha mwana dzina la agogo amene anali mphunzitsi, mwalonjeza pamaso pa mudzi kuti mwanayo adzawerenga.

TINENE ZOONA ZA AKUFA

Pali cinthu cinanso cimene tiyenera kucenjera naco posimba za amai otere. Pa maliro timva kawirikawiri kuti womwalirayo sanakwiyepo, sanatope, sanalakwire munthu. Onena atero cifukwa ca cikondi. Koma mtsikana wakumva mau awa aganiza mu mtima mwace kuti, Amai aja anali a mtundu wina, ine sindingafanane nao. Ndipo citsanzo cimene cikadamkoka cimtaya kutali. Mbiri ya Amai Bethune siibisa zowawa. Ukwati wao sunakhale bwino. Amuna ao anacoka nabwerera ku South Carolina m'caka ca 1907, namwalira m'caka ca 1918. Zaka zambiri amaiwo anayenda khomo ndi khomo kupempha thandizo la sukulu kwa anthu acuma, ndipo makomo ambiri anawatsekera. Kudziwa izi sikucepetsa ulemu wao. Kutionetsa mtengo umene analipira.

Momwemonso amai athu. Tisaope kunena kuti anali aukali pa ulesi, kuti tsiku lina analira cifukwa ca kucepa kwa malipiro, kuti analowa m'kalasi ndi mwana wodwala kumbuyo. Sitinena kuti tiulule zamanyazi pa bwalo, pakuti maliro si mlandu; tinena kuti tiwasimbe monga anthu, kuti ana athu adziwe kuti nchito yotere icitidwa ndi anthu a thupi longa lao. Ndipo ife amene tinali ophunzira cabe tikumbukire ici, kuti ana obadwa m'nyumba ya mphunzitsi anagawana amai ao ndi mudzi wonse. Nthawi imene amaiwo anakhala ndi ife pa sileti inacotsedwa kwa iwo; ndiwo zinapsa mocedwa cifukwa ca ife. Potero pa maliro ndi pambuyo pace tiri nao mangawa kwa anawo, a ulemu ndi a cithandizo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: amai aja anakhulupirira mwambi uwu pa ife, ndipo tsopano ndi nthawi yathu kuukhulupirira pa adzukulu ao.

AMENE AKALI NDI MOYO

Tanena kuti mangawa a kuphunzitsa sabwerera kwa mwini wace. Koma wina asatenge mau awa ngati cilolezo ca kutaya nkhalamba. Moto subwezedwa, indetu. Koma mnansi amene anakupatsa moto akadwala, umtolera nkhuni. M'midzi mwathu alimo lero amai amene anaphunzitsa mibadwo iwiri kapena itatu, ndipo tsopano maso acita khungu, denga lidontha, ndi ndowa ya madzi yawalemera. Ophunzira ao apita pa njinga pa khomo pao osatsika. Tsiku la maliro omwewo adzafika ndi matumba a ufa ndi mau okoma. Koma ufa umenewo udzadyedwa ndi alendo, ndipo mau amenewo makutu amene anawafuna sadzawamva. Kambale ka phala koperekedwa kwa wamoyo kaposa mbuzi yophedwa pa maliro.

Ndipo pali coipa coposa, cimene sitingakhale cete osacichula. M'madera ena mai akakalamba, nayamba kuiwala ndi kuyankhula yekha, monga ukalamba ucitira anthu ambiri, anthu ayamba kunong'onezana kuti ndi mfiti. Ndipo ena apitikitsidwa pa mudzi, ena amenyedwa, ena aphedwa, kawirikawiri ndi a mbumba yao yomwe. Manja amene anatisambitsa ndi kutigwiritsa pensulo ndiwo tiwanenera kuti alodza ana. Akuru anati, Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Anatinso, Akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Mudzi umene uumitsa dambo lace usadabwe lupsa likafika pa nkhokwe. Munthu ali yense amene anaphunzira kuwerenga kwa mai wokalamba ayenera kukhala woyamba kuimirira pakati pa iye ndi khamu, ngakhale khamulo likhale la abale ace.

TICITE CIANI?

Mai wanzeru pokolola asankha ngala zabwino za cimanga, nazipacika pa utsi kuti zikhale mbeu. Koma mbeu isungidwa kufikira mvula yoyamba basi. Ikakhala pa denga zaka ziwiri cifukwa mwini wace aikonda, ifumbwa, ndipo sipatsala kanthu. Zimene amai athu anatisiyira ziri mbeu yotere, ndipo cikumbutso cao cikhala ndi moyo pokhapo tikacibzala.

Cifukwa cace tipempha awerengi athu zinthu izi. Ngati amai amene anakuphunzitsani akali ndi moyo, pitani mwezi uno, mukhale nao pa mkeka, muwauze dzina lanu ndi cimene munapindula ndi nchito yao. Ndipo poturuka muyang'ane denga ndi mtolo wa nkhuni. Ngati anamwalira, sonkhanani inu amene munapita m'manja mwao, muwerengane. Mudzazizwa ndi kucuruka kwanu. Funani mtsikana mmodzi wa pa mudzipo amene ali pafupi kuleka sukulu, ndipo mumsenze pamodzi kufikira atatsiriza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wosoka wa ku Denver anali yekha, inu muli ambiri. Amene mudziwa kulemba, khalani pansi ndi okalamba amene atsala, mulembe m'kope mbiri ya amaiwo, kumene anabadwira, amene anawaphunzitsa iwo, nyimbo ndi miyambi imene anakonda, ndi mabvuto amene anapirira. Ndipo kopelo lisungidwe ndi a mbumba, liwerengedwe kwa adzukulu. Ndipo ali yense wa ife, madzulo ano, aitane mwana amene ali pafupi, wace kapena wa mnansi, amfunse cimene anaphunzira lero, ndi kumthandiza pamene pamkanika.

Mukatha izi, ndipo ndalama zikatsala, mangani ciliza, mulembepo dzina lao ndi zilembo zazikuru. Padzakhala ana odziwa kuliwerenga.